M'MERA MPOYAMBA: UDZU TIUGONJETSE USANAMERE

Nkhani imene ndapereka m'magazini yathu chaka chino ena adzaiyesa yachabe, pakuti ndi nkhani ya maungu ndi udzu. Adzafunsa kuti, "Kodi mwana wa sekondale wasowa cholemba?" Koma ine ndikuti nkhani yokhudza mphika siingakhale yachabe. Munthu akayenda mu Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri m'mwezi wa Januwale, aona maungu atayanga kuseri kwa nyumba, m'mbali mwa mipanda ndi m'timinda ta m'munsi mwa mapiri. Aonanso amayi ndi ana atawerama, khasu lili m'manja, akulimbana ndi udzu umene wafika kale m'mawondo. Maganizo anga ndi awa: khasu limeneli lafika mochedwa. Nkhondo ya udzu m'munda wa maungu iyenera kumenyedwa udzuwo usanatuluke m'nthaka, ndipo zida zake tili nazo kale pakhomo, sizilira ndalama.

Tiyambe taona chimene dzungu litichitira. Palibe mbewu ina imene ipatsa banja zinthu zambiri chomwechi pa malo ochepa. Patangopita masabata owerengeka chibzalire, amayi ayamba kuthyola nkhwani, ndipo akautendera ndi nsinjiro palibe amene afunsa za nyama. Pambuyo pake pabwera chiluwe ndi timaungu tanthete. Kenaka maungu enieni akhwima m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, nthawi imene ufa watha m'nyumba zambiri, chimanga cha m'munda sichinaume, ndipo mtengo wa chimanga pa msika wakwera. Ambiri a ife tidziwa kupita ku sukulu titadya dzungu lophika m'malo mwa buledi. Nthanga zake tikazinga, masamba otsala tifutsa kuti tidzadye mfutso m'chilimwe. Tsono ngati udzu ulanda theka la zimenezi, sunalande maluwa okongoletsa pabwalo ai. Walanda chakudya cha mwezi wa njala.

Kumaiko akutali kuli anthu amene alima maungu mopikisana, kufuna kuona amene atulutse dzungu lalikulu koposa. Mlimi wina wa ku Windsor, m'chigawo cha Nova Scotia ku Canada, dzina lake Howard Dill, anakhala zaka zambiri akusankha nthanga kufikira anapeza mtundu wotchedwa Atlantic Giant. M'chaka cha 2021 Stefano Cutrupi wa ku Italy analima dzungu lolemera makilogalamu 1,226. M'chaka cha 2023 Travis Gienger wa ku Minnesota anayeza lake pa mpikisano wa ku Half Moon Bay, ku California, ndipo linalemera makilogalamu 1,247, kuposa onse amene anali atayezedwapo kufikira nthawi imeneyo. Taganizani, anzanga: kulemera kumeneku ndi kwa matumba a chimanga a makilogalamu 50 pafupifupi 25! Ife sitifuna dzungu lotere, pakuti palibe mphika umene lingalowemo, ndipo akuti si lokoma kwenikweni. Chimene tiyenera kutengako kwa anthu amenewa ndi mwambo wao. Iwo salola udzu kupikisana ndi mbewu yao, koma salolanso khasu kuyenda pafupi ndi mizu. Ntchito yao yaikulu aigwira asanabzale.

Chifukwa chake chili m'mizu ya dzungu. Mizu yambiri imene imwa madzi ndi kutenga chakudya siilowa pansi kwambiri. Iyenda chopingasa pafupi ndi pamwamba pa nthaka, ndipo ifika kutali monga momwe mtsitsi wake wayangira. Komanso pa mfundo iliyonse imene yakhudza dothi lonyowa patuluka mizu ina yothandiza. Munthu akalowa ndi khasu maungu atayanga kale, adula mizu imeneyi osaiona, aponda mitsitsi, ayoyola maluwa, ndipo pa mabala amenewo ndi pamene kuola kuyambira. Akaleka kupalira, udzu upambana. Akapalira, avulaza mbewu yake. Njira yotulukira m'msampha umenewu ndi imodzi yokha: masabata oyamba, dzungu likadali laling'ono ndipo masamba ake asanaphimbe nthaka, udzu usapezeke pamenepo. Masamba akakula, dzungu lidziteteza lokha ndi mthunzi wake.

Kodi udzu uchokera kuti? Ena aganiza kuti ubwera ndi mvula, koma mvula ingodzutsa zimene zinagona. Nthaka ili ngati nkhokwe ya njere za udzu. Tsinde limodzi la bonongwe likasiyidwa kufikira litakhwima litaya njere zikwi makumi ambiri, ndipo njere zina zikhoza kukhala zamoyo m'nthaka zaka zingapo. Kuti njere imere ifuna chinyezi ndi kutentha, ndipo njere zambiri zazing'ono zifunanso kuwala. Nchifukwa chake udzu wambiri umera kuchokera pa dothi lapamwamba penipeni, losapitirira masentimita 5 kuya kwake. Njere zokwiririka pansi zikhala chigonere. Tsono munthu akalima mozama ndi kutembenuza dothi, akweza njere zogonazo ndi kuziika pa dzuwa. Ndiko kuti khasu lomwe lapha udzu wa lero labzala udzu wa sabata la mawa. Amene wamvetsa mfundo imeneyi wamvetsa nkhani yonse.

Njira yoyamba, tsono, ndi kutseka pakhomo pa nkhokwe ija. M'miyezi ya Epulo ndi Meyi, maungu atachotsedwa, anthu ambiri ausiya munda nati ntchito yatha. Koma nthawi imeneyo ndiyo imene udzu uchita maluwa ndi kuyoyola njere. Kuzula udzu usanabereke, ngakhale mulibe mbewu m'mundamo, ndi ntchito ya theka la ora pa kamunda ka kuseri kwa nyumba, koma kuchepetsa ntchito ya masiku ambiri mu Januwale. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Njira yachiwiri ndi kusamala manyowa. Dzungu likonda manyowa kwambiri, ndipo tonse taona momwe likondwera likamera lokha pa dzala. Koma ndowe za mbuzi kapena za ng'ombe zosapsa zidzala ndi njere zimene ziwetozo zinadya. Wothira ndowe zotere wadzigulira udzu. Manyowa aunjikidwe pamodzi ndi zinyalala zoola, athiridwe madzi pang'ono, atembenuzidwe nthawi ndi nthawi. Mulu wokonzedwa bwino utentha m'kati mwake kufikira madigiri 55 kapena 60, ndipo kutentha kumeneku kupha njere zambiri. Manyowa akada, akaleka kununkha, akafumbutuka m'manja, pamenepo ndiye apsa.

Njira yachitatu ndiitcha kunyenga udzu. Konzani malo obzalapo msanga, mu Okutobala, thirani manyowa, salazani, ndipo musabzale kanthu. Chizimalupsa chikagwa, kapena mukathirira ndi madzi otsala pakhomo, njere zonse zapamwamba ziyesa kuti nyengo yafika, nizimera. Pakapita masiku asanu kapena sabata limodzi muona timaudzu tobiriwira tokhala ndi mizu yoyera ngati ulusi. Pa msinkhu umenewu udzu ulibe mphamvu. Palani pamwamba pokha ndi khasu lakuthwa, m'mawa wa tsiku la dzuwa, osatembenuza dothi, ndipo pofika madzulo tonse tauma. Mukakhala ndi nthawi bwerezani kachiwiri. Mvula yeniyeni ikadza, bzalani nthanga zanu pa dothi limene njere zake zapamwamba zatha kale. Wina adzati tichedwa kubzala. Iai, pakuti chizimalupsa si mvula yobzalira. Alimi onse adziwa kuti wobzala nacho ataya mbewu. Ife tingochigwiritsa ntchito kuti chitiululire mdani.

Njira yachinai, imene iposa zonse, ndi kuphimbira nthaka. Popeza njere zifuna kuwala, tizimane kuwalako. Yalani mapesi, masamba ouma kapena udzu wosabereka pa malo onse ozungulira phando, mokhuthala ngati masentimita 8 kapena 10, kuti munthu asaone dothi. Siyani mpata wa chikhatho chimodzi kuzungulira tsinde la dzungu kuti lisaole. Mphindu lake si la udzu wokha. Chinyezi chikhalitsa mvula ikadula, madontho a mvula sakumba nthaka, ndipo zophimbirazo zikaola zisanduka chonde. Alangizi a zaulimi aphunzitsa zimenezi m'midzi pa ulimi umene anthu autcha mtayakhasu. Ife a m'tauni, amene timinda tathu tili pa zitunda za Ndirande, Soche, Michiru ndi Bangwe, tiyenera kuzimvera koposa, pakuti mvula ikagwa tiona tokha dothi lofiira likutsikira mu Nasolo, mu Naperi ndi mu Mudi. Dothi limenelo ndi minda ya anthu.

Ndiyenera kunena zoona kuti pali adani atatu amene njira zimenezi siziwagwira bwino. Kapinga afalikira ndi mitsitsi yake, dawe ali ndi timibulu pansi pa nthaka, ndipo khovani ukamudula zidutswa zake ziphukanso zikangokhudza dothi lonyowa. Amenewa sayembekeza njere, ndipo dawe aboola ngakhale zophimbira. Mankhwala ao ndi dzuwa la Seputembala ndi Okutobala. Akumbidwe m'chilimwe, mizu ndi timibulu tonse titoledwe ndi manja, tiyanikidwe pa mwala kapena pa lata kufikira titauma gwa. Kukumba kozama kuchitike nthawi imeneyi, kamodzi kokha, ndipo pambuyo pake nthaka isiyidwe mu mtendere.

Tsopano ndifike kwa amene anditsutsa. Oyamba ati, "M'tauni zophimbira tizitenga kuti? Kuno si kumudzi." Funso limeneli ndi labwino, koma tiyeni tiyang'ane. Chaka ndi chaka, mu Seputembala ndi Okutobala, utsi uli tolotolo m'makwalala mwathu chifukwa anthu asesa masamba a mango ndi mapesi nawatentha. Pa misika yathu makoko a nzimbe, makoko a mtedza ndi makhwatha a chimanga aunjikana kufikira kutseka ngalande. M'magolosale makatoni atayidwa, pamene katoni yoyalidwa pansi, yonyowetsedwa ndi kuphimbidwa ndi masamba, itsekereza kuwala kotheratu ndipo iola yokha. Akalipentala a mu Ndirande ali ndi utuchi wambiri. Umenewu uyalidwe pamwamba pokha, usasakanizidwe ndi dothi, pakuti poola m'nthaka ulanda chakudya cha mbewu. Chotero zophimbira sizisowa. Chisowa ndi munthu wozitola moto usanazidye.

Achiwiri ati zophimbira ziitana chiswe, mbewa ndi njoka. Inde, chiswe chibwera. Koma chibwerera zouma zija, ndipo pozidya chibowola nthaka kuti madzi alowe. Chofunika ndi kusayala zophimbira mogundana ndi khoma la nyumba kapena nsichi za mpanda. Za mbewa ndi njoka, izi zikonda milu yaitali ndi tchire. Zophimbira zoyalidwa mosalala sizibisa njoka monga momwe udzu wofika m'mawondo uibisira.

Achitatu ndiwo ofunika kuwayankha mosamala, pakuti mau ao akoma m'khutu. Iwo ati, "Bwanji kuvutika? M'masitolo muli mankhwala opopera udzu usanamere." Nzoona, mankhwala otere alipo, ndipo pa munda waukulu wa chimanga chokhachokha athandiza mlimi wosowa aganyu. Koma ambiri a mankhwala opopera m'chimanga ali ndi chinthu chotchedwa atrazine, chimene chileka chimanga koma chipha mbewu za masamba aakulu. Dzungu ndi mbewu ya masamba aakulu. Nyemba ndi khobwe chimodzimodzi. Mankhwalawa akhalitsanso m'nthaka, kotero kuti wobzala maungu pa malo opoperedwa akhoza kuona mbande zikumera, zikuchita chikasu, nizifa. Komanso atrazine ayenda ndi madzi. M'chaka cha 2004 maiko a European Union anagamula kuti mankhwalawa aleke kugwiritsidwa ntchito kwao, chifukwa ankapezeka m'madzi a pansi pa nthaka. Nanga ife, amene timinda tathu tili mapazi owerengeka kuchokera pa chitsime, ndipo ana asewera m'mitsinje yomweyo? Dziko lathu lili ndi bungwe la Pesticides Control Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 2000, loyang'anira mankhwala otere. Koma bungwe silingaime pa khomo lililonse, ndipo mankhwala ogulidwa m'kabotolo kopanda chizindikiro palibe amene adziwa mphamvu yake kapena muyeso wake. Pa kamunda ka maungu, kamene masamba ake tidya sabata lililonse, ine ndikuti mpope usafikepo.

Ena anamva kuti ku America alimi a maungu aakulu awaza ufa wina wochokera ku chimanga kuti udzu usamere. Nkhaniyi ili ndi mutu wake. Katswiri wina wa pa Iowa State University, Nick Christians, anapeza kuti zotsala za m'mafakitale opanga sitachi wa chimanga zilepheretsa mizu ya njere zongomera kumene, ndipo analandira chiphaso cha umwini wa nzeruyi mu 1991. Koma zotsala zimenezi si gaga wathu wa kuchigayo, ndipo ngakhale komweko sizigwira ntchito nthawi zonse. Wowaza gaga m'munda angoitana nkhuku za eni ake. Gaga apite ku khola, ndipo zitosi zikapsa zibwere ku munda.

Pali chinthu china chimene mlendo sangachidziwe, koma ife tichidziwa. Zina zimene buku la zaulimi litcha udzu, amayi athu azitcha ndiwo. Chisoso, bonongwe, luni, denje ndi mwamunaaligone zimera zokha, ndipo zapulumutsa mabanja ambiri. Agogo athu asimba za njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri dera lino la Blantyre, kuti anthu anakhalira masamba ndi mizu ya kutchire. Sindikunena kuti tithe mbewu zimenezi. Ndikunena kuti chilichonse chikhale ndi malo ake. Pa ngodya imodzi ya munda pasiyidwe posaphimbira, pomwe bonongwe ndi luni zimere ndi kuthyoledwa, ndipo tsinde limodzi kapena awiri asiyidwe kuti abereke njere za chaka cha mawa. Apa ndi pamene manja aposa mankhwala: mankhwala sadziwa kusiyanitsa ndiwo ndi kapinga, koma munthu adziwa.

Kodi nzeru zimenezi zingafike bwanji kwa makolo athu? Mbiri itichenjeza. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linakakamiza anthu kuunda mizere ndi milambala yoteteza nthaka, ndipo olephera ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Anthu anadana nao malamulo amenewa, otchedwa malimidwe, kufikira anasanduka chimodzi cha zifukwa zokanira boma lija. Mfundo yoteteza nthaka inali ndi nzeru zake, koma inabwera ndi chikwapu, ndipo chimene chabwera ndi chikwapu anthu achitaya chikwapucho chikachoka. Ifenso tikapita kwathu ndi kunena kuti, "Amayi, inu simudziwa kulima," adzatiseka, ndipo adzakhala akulondola, pakuti iwo alima maungu ife tisanabadwe. Tipemphe mwaulemu kuti, "Amayi, mundipatseko mapando awiri okha ndiyesepo zimene taphunzira." Maso akaona safuna mtsutso.

Chifukwa cha ichi ndipereka pempho kwa Akulu a Sukulu, kwa aphunzitsi athu a zaulimi ndi kwa inu nonse. Fomu iliyonse ipatsidwe kamunda kofanana kukula kwake, kagawidwe pawiri. Mbali imodzi ilimidwe monga mwa masiku onse; mbali inayo udzu unyengedwe, nthaka iphimbidwe. Nthanga zikhale za mtundu umodzi, manyowa ofanana, tsiku lobzala limodzi. Tilembe m'kope maora amene tagwira ntchito mbali iliyonse, mitolo ya nkhwani imene tathyola, ndi kulemera kwa maungu pa sikelo. Kumapeto kwake fomu imene yatulutsa dzungu lalikulu ilandire ulemu pa bwalo la sukulu, makolo ataitanidwa, ndipo ziwerengero zonse zisindikizidwe m'magazini ya chaka cha mawa. Ngati ndanama, kope lidzanditsutsa pamaso pa onse. Ngati ndanena zoona, kope lomwelo lidzalankhula bwino koposa ine.

Ntchito imeneyi ilinso ndi mphotho kwa ife eni ake. Ambiri a ife tikaweruka tipeza khasu likutidikira, ndipo pofika usiku mabuku atilemera m'manja chifukwa cha kutopa. Maora amene tiwononga popalira mu Januwale tingawaombole ndi maora ochepa a mu Okutobala, pamene dothi lili louma ndipo ntchito ipepuka. Masamba amene anansi athu asesa mawa m'mawa tisawalole kupsa. Tipite ndi thumba, tiwapemphe. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo ponena izi anali kuganiza za mbewu. Ine ndikuti mwambiwu ukhudzanso udzu. Amene ayamba kumera ndiye mwini munda, tsono tionetsetse kuti woyambayo akhale dzungu.

Wophunzira wa Fomu 3